Lechwe wa ku Kabwata ndi Njovu za ku Woodlands

Amalume anga a ku Kabwata akafuna kukuonetsa ndalama yawo ya siliva amayamba atseka chitseko. Kenako amasamba m'manja ngati kwabwera nsima, n'kugwada pa thiranki yakale imene ili kuseri kwa bedi, n'kuyamba kufukula: masatifiketi a ana, suti ya paukwati, zithunzi za kumudzi ku Katete, mpaka pansi penipeni pamene pali kabokosi kokwana m'chikhatho. M'kati mwake, pa kansalu kofewa, mwagona khobidi limodzi lokha. Mbali ina kuli nkhope ya Kenneth Kaunda, ukalitembenuza upeza lechwe wa m'madambo a Kafue. Palembedwa 5 kwacha, chaka chake 1979.

"Usaligwire pankhope, iwe. Gwira m'mphepete," amatero nthawi zonse, ngakhale kuti nanenso imvi zandiyamba.

Analigula kwa mzungu wina amene ankagwira naye ntchito pa banki ina mu Cairo Road, mzunguyo akulongedza katundu kuti azibwerera kwawo. Mtengo wake sanandiuzepo. Akazi awo amati unali wokwana matumba angapo a ufa, ndipo mlandu umenewo sunathe mpaka lero.

Ku Woodlands, mtunda wosatopetsa kuchoka ku Kabwata, kuli mayi wina amene timapemphera mpingo umodzi, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwo zawo sabisa pansi pa thiranki. Zili m'dirowa ya tebulo, iliyonse m'kambale kake ka pulasitiki yolimba, koonekera m'kati, kamene osunga makobidi amakatcha capsule. Ndi njovu zisanu, za 1999, 2000, 2001, 2002 ndi 2003, iliyonse yolembedwa 5000 kwacha. Anawagulira imodziimodzi ndi mwana wawo amene amagwira ntchito ya unamwino ku Germany. Mayiwo amaseka akamafotokoza kuti njovu zawo zinaliona koyamba dziko la Zambia zili m'chikwama cha mwana wawo, pa bwalo la ndege.

Zonsezi ndi siliva, zonse zanyamula dzina la Zambia ndi nyama yakutchire, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inagulapo tomato pa msika wa Soweto. Wongoyang'ana angati ndi ana a bere limodzi. Ine ndazigwira m'mphepete zaka zingapo tsopano, ndipo ndaona kuti zinasulidwa ndi zolinga zosiyana. Kusiyanako kumatulukira paliponse, pa siliva wake, pa chosungiramo, pa matenda amene zimadwala, mpaka pa mmene wogula amawerengera mtengo.

Lechwe anabadwira m'gulu lalikulu. Pakati pa 1974 ndi 1979, mabungwe oteteza zachilengedwe a World Wildlife Fund ndi IUCN anagwirizana ndi mayiko 24 kuti dziko lililonse litulutse makobidi atatu, awiri a siliva ndi limodzi la golide, okhala ndi nyama za m'dzikomo zimene zinali pangozi. Osula anali a Royal Mint a ku Britain, ndipo gawo la phindu linkapita ku ntchito yoteteza nyamazo. Malawi anatulutsa ake mu 1978: mbidzi pa 5 kwacha, mphalapala pa 10 kwacha, nyala pa 250 kwacha ya golide, kuseri kuli nkhope ya Kamuzu Banda. Zambia inatsatira chaka chinacho ndi lechwe pa 5 kwacha, kabawi wotchedwa Taita pa 10 kwacha, ndi mbulu pa 250 kwacha ya golide.

Taonani nyama zimenezo. Palibe mkango, palibe njovu, palibe chipembere, nyama zimene mlendo aliyense amazidziwa asanatsike ndege. Lechwe wa Kafue, amene Atonga ndi Aila amamutcha nanja, sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'madambo a Kafue, makamaka ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon. Moyo wake umatsata madzi: akasefukira amabwerera kumtunda, akaphwa amalondola msipu wanthete. Ndiye mmene khobidili linkasulidwa n'kuti madamu awiri, la Kafue Gorge kumunsi ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda, atangoyamba kumene kulamulira madziwo, ndipo kasefukiridwe kamene nyamayi inazolowera kanasokonekera. Kabawi wa Taita nayenso ndi kambalame kosowa, kamene kankaikira mazira m'maphompho a Batoka kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Amene anasankha nyama zimenezi anali munthu wolidziwa dzikoli ndi nkhawa zake.

Chaka chakenso sichinali chaka wamba mu Lusaka. Mu April 1979 asilikali a Rhodesia analowa mumzinda usiku n'kugumula nyumba imene mdani wawo Joshua Nkomo ankakhala, pafupi ndi State House. Patangopita miyezi inayi, mu August, atsogoleri a mayiko a Commonwealth anasonkhana ku Mulungushi, ndipo m'pomwe panatseguka njira ya zokambirana za Lancaster House zothetsa nkhondo ya ku Rhodesia. Amalume akamakamba za nthawi imeneyo satchula zimenezi poyamba, amayambira pa mizere ya sopo ndi mafuta ophikira. Koma amawonjezera, mutu uli m'mwamba, kuti kwacha imodzi inkaposa dola ya America. Faifi kwacha inali ndalama yoti munthu n'kuyenda nayo mosamala.

Njovu inabadwa mwa mtundu wina. Inasulidwa ku Munich, pa nyumba yosulira ndalama ya boma la Bavaria, ndipo mwini ganizo anali kampani yogulitsa makobidi ya Emporium Hamburg. Msika umene ankaufuna unali wa anthu ogula siliva pa kulemera kwake, omwe aja amagula American Eagle, Maple Leaf ya Canada kapena Kookaburra ya Australia. Kuti kachitsulo kozungulira katchedwe ndalama, osati mendulo chabe, pamafunika dzina la dziko ndi nambala ya mtengo wake. M'zaka zimenezo ku Germany msonkho wa khobidi la siliva unali wotsika kuyerekeza ndi wa siliva wa mpiringidzo, choncho dzina la dziko linali ndi phindu lowerengeka. Zambia inabwereketsa dzina. Nyama anasankha yodziwika kwa aliyense, ndipo chithunzi ankachisintha chaka ndi chaka kuti amene wagula ya chaka chino adzafunenso ya chaka chamawa.

Mbali ya nkhope ndiyo imandichititsa chidwi kwambiri. Kaunda atachoka pampando mu 1991, nkhope yake inachokanso pa ndalama, ndipo m'malo mwake munatsala chidindo cha dziko, chija cha nkhwazi, khasu ndi piki. Njovu zili ndi chidindo chimenecho. Koma pa zina mwa njovu za mayi a ku Woodlands, pambali pa chidindocho palinso mutu wa Elizabeth II. Zambia yakhala dziko la pulezidenti kuyambira pa 24 October 1964, ndipo mfumukaziyo sinalamulirepo dzikoli ndi tsiku limodzi lomwe chilandirire ufulu. Mwina mutuwo anauikapo chifukwa wogula wa ku Ulaya amaukhulupirira. M'zaka zomwezo munatuluka makobidi ena ambirimbiri a dzina la Zambia, ena okumbukira Princess Diana, ena masewera a Olympic a ku Sydney, zinthu zimene munthu wa ku Chilenje kapena ku Matero sanamvepo kuti dziko lake likuzikumbukira.

Kenako mu 2004 njovuyo inasamuka. Osula omwewo, kulemera komweko, mutu wa nkhani womwewo wa nyama za mu Africa, koma dzina la dziko linasanduka Somalia ndipo kwacha inasanduka shilingi. Mpaka lero ikutulukabe chaka chilichonse m'dzina limenelo, ina yopakidwa golide, ina ya utoto, ina yokhala ndi kachizindikiro kapadera pambali. Lechwe wa Kafue sakanatheka kusamuka chotero. Mungamuike pa ndalama ya dziko liti lina?

Apa ndiyenera kudzigwira pang'ono, chifukwa mtima wanga wapendekera kale kwa lechwe ndipo owerenga aona. Zoona zake n'zakuti lechwe nayenso sanasulidwire anthu a ku Kabwata. Ambiri mwa makobidi amenewo anagulitsidwa kunja, kwa anthu a ku Britain, Germany ndi America amene ankasonkhanitsa mayiko onse 24, ndipo si mwangozi kuti amalume analipeza kwa mzungu. Komanso njovu sinanamize munthu. Imanena poyera kuti ndi ounce imodzi ya siliva, ndipo ukaiika pa sikelo imakwanadi. Pa luso la chithunzi, zina mwa njovuzo n'zokongola kuposa lechwe, makwinya a chikopa amachita kuoneka limodzilimodzi. Zonse ziwiri zinayang'ana kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti lechwe anapita kunjako atanyamula nkhani ya kuno, pamene njovu inangonyamula dzina.

Manambala olembedwawo ali ndi nthabwala yake. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha. Mukawerengera motero, 5000 kwacha ya njovu ndi K5 ya lero, pamene faifi kwacha ya amalume, ija inkaposa madola asanu, yatsala theka la ngwee imodzi. Ndiye mu 2025 banki yomweyo inatulutsa K5 yachitsulo, yoyenda m'manja. Tsopano tili ndi mafaifi kwacha atatu, ndipo imene kondakitala wa basi ya ku Chelstone angalandire pa Kulima Tower mosakukalipira ndi imene ilibe siliva ndi pang'ono pomwe.

Siliva wa makobidi awiriwa si wofanana. Wa lechwe ndi uja wa 925, kutanthauza kuti pa magawo 1000 alionse, 925 ndi siliva ndipo 75 otsalawo ndi mkuwa. Ndiwo muyeso wakale wa Angerezi, womwe uja unali m'masheleni ndi mahafukoloni a Southern Rhodesia amene agogo athu ankalandira kuyambira 1932, asanawatsitse kufika theka mu 1944 ndi kuchotseratu siliva mu 1947. Mkuwawo amauikamo kuti khobidi lilimbe. Amalume amakonda kunena kuti mwina kamkuwa ka m'khobidi lawo kanachokera ku Mufulira. Umboni alibe, koma sindiwatsutsa. Khobidi lawo limalemera magalamu 28.28, ndiye siliva weniweni m'menemo wangopitirira pang'ono magalamu 26. Njovu ndi 999, siliva wosasakaniza, magalamu 31.1. Pa chitsulo chokha njovu yapambana ndi magalamu pafupifupi asanu. Koma siliva wosasakaniza ndi wofewa. Njovu ziwiri zikakhudzana m'thumba limodzi, zonse zituluka ndi zipsera.

Kasulidwe nakonso n'kosiyana. La amalume ndi la mtundu umene amati proof. Zidindo zosulira amazipukuta mpaka ziwale, kachitsulo kosasulidwako nakonso amakapukuta, ndipo amakadinda kangapo, pang'onopang'ono, limodzilimodzi. Zotsatira zake, malo opanda chithunzi amawala ngati kalilole pamene nyamayo imaoneka yoyera mbuu, ngati yawazidwa ufa. Lechwe wa mtundu wina, wosawala chotero komanso wopepukirapo, anatulukanso chaka chomwecho pa mtengo wotsika. Njovu za mayi aja ndi za kasulidwe wamba ka makobidi a pa sikelo. N'zosalala bwino, koma sizinalandire ulemu wonsewo.

N'chifukwa chake zosungiramo zake zinasiyananso. Proof imabwera ngati mkwatibwi, ndi kabokosi kake, kansalu kake ndi kachikalata kofotokoza kulemera, muyeso wa siliva ndi amene anasula. Kwa wogula wodziwa, zitatuzi ndi thupi limodzi, ndipo khobidi lotaya kabokosi ndi chikalata limatsika mtengo ngakhale lilibe chilema. Chodabwitsa n'chakuti kabokosi komweko nthawi zina ndiko kamadwalitsa khobidi. Guluu, utoto wa kansalu ndi kasiponji ka m'kati zikakalamba zimatulutsa mpweya umene umadetsa siliva. Lechwe wa amalume wayamba kale kufiirira m'mphepete, mzere wonga wa tiyi wotsalira m'kapu, wolowera ku buluu mbali ina. Iwo amadandaula nawo. Ine ndinawauza kuti alipo ogula amene mtundu wotere amaukonda, bola ukhale wobwera wokha ndi zaka, ndipo anandiyang'ana ngati ndikuwanyengerera.

Njovu ilibe mwambo wonsewo. Kambale ka pulasitiki yolimba, basi. N'kosasangalatsa m'maso koma pa ntchito yoteteza kamaposa kabokosi ka amalume, chifukwa sikatulutsa mpweya woipa, kamatchinga fumbi, ndipo umatha kuona mbali zonse ziwiri osagwira chitsulo. Ndinawagulira amalume kambale kotere kuti lechwe alowemo kaye asanagone m'kabokosi. Anakana miyezi itatu, ati khobidi lidzaoneka ngati mankhwala a kuchipatala, kenako anavomera mwakachetechete. Pulasitiki yoyenera kuithawa ndi ija yofewa, yonunkha ngati nsapato zatsopano za mvula, imene amapangira timatumba ndi mabuku ena osungiramo makobidi. Imeneyo ndi PVC. Ikakhalitsa, makamaka potentha, imatuluka thukuta lomata limene limasanduka lobiriwira n'kuyamba kudya chitsulo. Imagwira msanga makobidi okhala ndi mkuwa, choncho lechwe ndiye ali pangozi yaikulu kuposa njovu.

Siliva sachita dzimbiri ngati khasu. Mdani wake ndi sulufule, amene akakumana ndi siliva amapanga kachikopa kakuda. Sulufuleyo ali paliponse m'nyumba zathu: m'labala imene timamangira ndalama zamapepala, m'nyuzipepala ndi maenvelopu a khaki, m'zovala za ubweya, m'fungo la mazira ndi anyezi. Nyengo ya Lusaka imawonjezera pamenepo kawiri pachaka. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba kuli fumbi lolowa ngakhale m'dirowa yotseka, ndipo fumbi ndi timchenga, ukalipukuta ndi nsalu pa khobidi lowala umakhala ukulikala. Kuyambira December mpaka March kuli chinyezi, chimene chimafulumizitsa kuda. M'mafulati a Kabwata khitchini ndi chipinda zimapumira mpweya umodzi, ndipo magetsi akazima mbaula imabwera pafupi ndi khomo. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: chitini chotseka bwino, timapaketi tija ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndi malo otalikira khitchini ndi bafa. Zala nazo zili ndi mchere ndi mafuta. Chidindo cha chala pa proof poyamba sichioneka, koma pakatha zaka chimatulukira ngati cha ku polisi, ndipo sichichokanso.

Njovu ili ndi nthenda yakeyake imene sindinaionepo pa lechwe wa amalume: timadontho toyera ngati mkaka wouma. Timapezeka kawirikawiri pa siliva wa 999, ndipo ambiri amati timachokera ku zotsalira za mankhwala otsukira kachitsulo kasanasulidwe. Timatha kutuluka patapita zaka, khobidi lili chitsekere m'kambale kake. Njovu ya 2002 ya mayi a ku Woodlands ili ndi tiwiri pafupi ndi chitamba. Sanalakwitse chilichonse pakasungidwe, ndipo palibe chimene angachite.

Kunena zoona, zambiri mwa izi ndinaziphunzira nditawononga kale. Tikukhala ku Chelstone, kufupi ndi thanki yamadzi ija, ndinapeza m'chitini cha mabatani cha malemu agogo khobidi lalikulu lakuda bii. Linali koloni ya Southern Rhodesia ya 1953, yokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, theka siliva theka zitsulo zina. Ndinati ndiwachitire ulemu agogo. Ndinatapa phulusa la pa mbaula, n'kufinyirapo ndimu, n'kukhala pakhonde Loweruka lonse ndikukwecha ndi chala chachikulu ngati ndikutsuka poto. Madzulo linali kung'anima, ine ndili nyadu. Patapita milungu ndinakalionetsa kwa mkulu wina wogula zinthu zakale. Analipendeketsa pa dzuwa, n'kundipatsa galasi lake lokulitsira kuti ndione ndekha. Nkhope yonse inali timizere tokhatokha, topingasana ngati munda wopalasidwa ndi nkhuku.

"Mwalisambitsa, bambo," anatero mofatsa. "Likanakhala lakuda tikanakamba za khobidi. Apa tikamba za kulemera basi."

Mawu amenewo ndiwo amalekanitsa bwino lechwe ndi njovu. Mtengo wa khobidi lililonse la siliva uli pawiri. Pali wa chitsulo, umene umakwera ndi kutsika ndi msika wa ku London ndi New York, ndiye pali wa pamwamba pake, umene munthu amalipira chifukwa cha kusowa kwa khobidilo, ukhondo wake ndi nkhani yake. Lechwe amadalira kwambiri wachiwiriwu. Mukamukwecha ndi phulusa mwapha chimene chinamusiyanitsa ndi supuni ya siliva. Njovu inasulidwira woyambawo, ndipo ngakhale itakalika, magalamu ake 31.1 ali pomwepo. Mtengo wa chitsulowo suyenda mwaulemu ayi. Lechwe atangotuluka, mu January 1980, siliva anafika pafupifupi madola 50 pa ounce chifukwa cha abale a banja la Hunt a ku Texas amene anafuna kugula msika wonse, ndipo makobidi ambiri okongola padziko lapansi anathera m'ng'anjo nyengo imeneyo. Pamene njovu yoyamba inkatuluka mu 1999, siliva yemweyo anali pa madola asanu okha.

Koma zaka zachita zachilendo ndi njovu za Zambia. Popeza zinatha ndi zaka zisanu zokha, ndipo osonkhanitsa njovu za Somalia amafuna kuyambira pachiyambi penipeni, zisanu zimenezi tsopano zimagulidwa pamwamba ndithu pa mtengo wa chitsulo. Khobidi limene linasulidwira sikelo lasanduka la osunga. Lechwe, ndi ulemu wake wonse, sanakwere motero. Ndikayerekeza zimene ogulitsa a kunja amaitanira, njovu imodzi yabwino ya mayi aja kawirikawiri imamuposa. Amalume sindinawauze zimenezi.

Wofuna kuyamba kusonkhanitsa mu Lusaka aziyenda ndi maso awiri. Ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road, pa msika wa Lamlungu ku Arcades, ndi pa msika uja wa pa tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga Loweruka lomaliza la mwezi, pakati pa ziboliboli ndi mikanda, nthawi zina pamakhala mbale ya makobidi akale. Ambiri ndi mangwee a 1968, makobidi obowoka pakati a nthawi ya chitaganya, ndi masheleni a 1964. Akakuonetsani faifi sheleni yaikulu ya 1965, ija yokumbukira chaka chimodzi cha ufulu, n'kukuuzani kuti ndi siliva, dziwani kuti ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Ndi khobidi labwino, loyenera kusunga, koma lipireni mtengo wa chimene lili. Mphekesera zija zoti makobidi obowoka amagulidwa mamiliyoni ndi azungu osadziwika zadyetsa anthu ambiri njala.

Pa zachinyengo, njovu ndiyo ili pangozi kwambiri, chifukwa akuba amakopera chimene chili ndi msika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kunja siliva wopaka, m'kati chitsulo china. Maginito ndiye mlonda woyamba, poti siliva sagwidwa ndi maginito. Koma mkuwa nawonso sugwidwa, choncho pamafunikanso kasikelo kowerenga tizigawo ta galamu ndi choyezera kukula. Khobidi lonama likakwana kulemera limanenepa, likakwana kunenepa limapepuka. Akuluakulu ankaliponya pa simenti kuti amve kulira kwake, ndipo n'zoona kuti siliva amalira motalika, koma musayese zimenezo pa proof. Kunja kuli makampani ngati PCGS ndi NGC amene amayeza khobidi, kulipatsa malikisi pa muyeso wa 1 mpaka 70, n'kulitsekera m'pulasitiki yosatseguka. Kwa munthu wa ku Lusaka wokhala ndi khobidi limodzi kapena asanu, ndalama yotumizira ndi ya inshuwalansi ingadye phindu lonse.

Ngozi yaikulu pa makobidi onsewa, mmene ndaonera ine, imabwera tsiku logawa katundu maliro atatha. Thiranki imatsegulidwa ndi anthu otopa, wina atenga suti, wina zithunzi, kabokosi kakale kaponyedwa kudzala pamodzi ndi kachikalata kake, ndipo khobidi lipatsidwa kwa mwana kuti aziseweretsa, kapena kwa munthu wa mtima wabwino ngati ine wa ku Chelstone uja. Mayi a ku Woodlands, pokhala mphunzitsi, analemba kale m'kope chaka cha njovu iliyonse, kulemera kwake ndi dzina la mdzukulu amene adzaitenge. Amalume anakana kulemba kwa nthawi yaitali, ati kutero n'kudziitanira imfa. Chaka chatha ndinapeza kapepala pansi pa kabokosi, kunja kwake osati m'kati, kolembedwa ndi pensulo mawu awiri okha: "Osatsuka. Osagulitsa."

Munthu atandifunsa kuti ndi liti losungiramo ndalama, ndingamuuze kuti njovu. Siliva wake ndi wochuluka, muyeso wake ndi wodziwika kulikonse, ndipo wogula sasowa. Koma atandiika patsogolo pa dirowa ya ku Woodlands ndi thiranki ya ku Kabwata n'kunena kuti nditenge limodzi loti ndidzasiyire ana, nditenga lechwe, ndi mzere wake wofiirirawo. Mwana akadzandifunsa kuti nyama iyi ndi yanji ndipo bambo awa ndi ndani, ndidzakhala ndi zomuuza mpaka usiku, ndipo ndingathe kumukweza galimoto kupita naye ku Lochinvar kuti akaione ndi maso. Inu amene muli ndi thiranki ya akuluakulu m'nyumba, kafukuleni lero eni ake adakali moyo, muwafunse kumene khobidi lililonse linachokera. Mukalipeza lakuda, lisiyeni lakuda.